Mmene mkazi wa msilikali angapezere ntchito ngakhale banja likusamukasamuka

Amayi ambiri okwatiwa ndi asilikali amayamba kufuna ntchito atafika kale kumalo atsopano, katundu atamasula, ana atawapezera sukulu. Apo m'pamene amakumbuka kuti satifiketi inatsala m'sutikesi kwa amayi awo ku Chonde, abwana akale sakuyankha foni chifukwa munthu anachoka osatsanzika, ndipo nambala imene ili pa CV inapita limodzi ndi foni yobedwa. Miyezi imatha akukonza zimenezi. Ntchito ikati ioneke, abambo alandiranso kalata ya transifa.

Kwa ife a ku Mulanje ndi Thyolo vutoli limakula chifukwa malo ambiri amene amuna athu amatumizidwa ali kutali: Cobbe ndi Changalume ku Zomba, Kamuzu ku Lilongwe, Mvera ku Dowa, MAFCO ku Salima, Moyale ku Mzuzu, Chilumba ku Karonga. Munda uli kuno, mbumba ili kuno, banja lili uko. Njira ili m'munsiyi yagona pa mfundo imodzi: ntchito ya kumene mukupita imayamba kusakidwa musanakweze katundu. Abambo amene akazi awo ndi asilikali, muwerengenso, zonsezi zikukukhudzani.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Fayilo ya pulasitiki yotseka bwino. Chinyontho cha chiperoni chimachititsa nkhungu mapepala osungidwa mu envulopu wamba.
- Chiphaso cha unzika. Onani tsiku lake lothera ntchito.
- Masatifiketi enieni a JCE, MSCE, a kukoleji kapena a ntchito zamanja, ndi mafotokope ake.
- Satifiketi ya ukwati.
- Nambala imodzi ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu, ndi imelo imene mukudziwa pasiwedi yake pamtima.
- Akaunti yanuyanu, ya kubanki kapena ya Airtel Money kapena TNM Mpamba.
- Zithunzi zing'onozing'ono za pasipoti.
- Kope lolembamo komwe mwasiya kalata, tsiku lake, ndi amene anailandira.
- Kandalama kapadera ka fotokope, bandulo ndi thiransipoti.

MUKADALI KUNO

1. Yalani mapepala onse, muwerenge mayina

Dzina la pa MSCE lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Amayi ambiri analemba mayeso ndi dzina la bambo awo, koma polembetsa unzika anapereka la amuna awo. Ena kusiyana kwake ndi l ndi r basi. Kalaliki amene ali ndi mulu wa makalata patebulo safunsa, amangoika yanu pambali. Ngati mayina akusiyana, pitani ku khoti la majisitireti kapena kwa loya mukalembetse kalata yolumbira yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Komweko dinditsaninso mafotokope anu kuti atsimikizike kuti achokera pa satifiketi yeniyeni.

Ngati satifiketi inatayika, monga zinachitikira mabanja ambiri kuno pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, yambirani kusukulu kumene munalembera mayeso. Mukatenge chaka, nambala ya senta ndi nambala yanu ya mayeso, kenako mupemphe ku MANEB ku Zomba pepala lotsimikiza zotsatira zanu. Zimatenga nthawi, choncho musadikire kuti muone kaye ntchito munyuzi.

Mukamaliza, jambulani pepala lililonse ndi foni pamalo owala, mudzitumizire nokha pa imelo.

Chenjezo: satifiketi yeniyeni ndi yoonetsa, osati yosiya. Aione, mubwerere nayo.

2. Ukwati ukhale ndi pepala

Kuno maukwati ambiri amathera pa chinkhoswe. Ankhoswe akudziwa, mfumu ikudziwa, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limauzindikira ukwati wa pachikhalidwe. Koma ofesi imene mukaipempha kuti ikusamutseni potsatira amuna anu imafuna chogwira m'manja. Ngati munadalitsa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, katengeni satifiketi yake. Ngati ayi, tenganani ndi ankhoswe mukafunse ku ofesi ya DC kapena ku khoti mmene mungalembetsere. Chitani izi abambo ali patchuthi, chifukwa pamafunika nonse awiri. Afunseninso, mwaulemu koma mosazungulira, ngati dzina lanu ndi limene lili m'mabuku a kuntchito kwawo.

3. Gwirizanani kuti asamuka ndani, liti

Palibe lamulo loti tsiku limene abambo akunyamuka inunso mukhale pamwamba pa katundu. Nyumba za kumalaini, zokhala asilikali m'kati mwa barracks, sizikwanira onse, ena amayamba achita lendi kunja. Ngati muli pantchito, maganizo anga ndi oti abambo atsogole, inu mutsale mumalize temu kapena mwezi wa notisi, ana nawo amalize mayeso. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo kusamuka pa holide yaikulu kumapepukira ana ndi aphunzitsi omwe.

Muyezenso mtunda. Zomba ndi pafupi, msewu wa Chitakale, Phalombe ndi Jali umakufikitsani tsiku lomwelo, ndipo mabanja ena amangoyenderana kumapeto kwa sabata ntchito ya mayi ili chikhalire. Chilumba ndi nkhani ina, ulendo wake sungakhale wa mwezi ndi mwezi. Anthu adzanena kuti banja lotalikirana limazizira, ndipo nkhawayo si yabodza. Koma banja limene lataya malipiro amodzi mwa awiri limakhalanso ndi zokangana zake. Ikani tsiku lenileni lodzakumana pamodzi, muwauzenso amalume za munda kuti ulimidwe ndi ndani.

4. Ngati ndinu a boma, pemphani transifa, musasiye

Ili ndiye sitepe limene anthu amalirira zaka zambiri akalilakwitsa. Ntchito ya boma ukaisiya, kubwereramo n'kovuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mphunzitsi wa ku pulayimale alembe kalata yopempha kusamuka, idutse kwa ahedi, kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za m'zoni), mpaka ku ofesi ya maphunziro ya boma lino. Amangirire fotokope ya satifiketi ya ukwati ndi pepala losonyeza kuti amuna ake atumizidwa kwakuti. Nthawi yomweyo alembere ofesi ya maphunziro ya kumene akupita, chifukwa kuno akhoza kukumasulani koma uko n'kunena kuti malo palibe. Sukulu za m'tauni ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zimakhala ndi aphunzitsi ochuluka kale, ambiri a iwo anabweranso motsatira amuna. Mukalemba kuti mukufuna sukulu yoyandikana ndi barracks yokha, mudikira. Tchulani sukulu zitatu, kuphatikizapo za kunja kwa tauni zofikika pa kabaza.

Njira ina imene imafulumira ndi yosinthana. Alipo aphunzitsi ndi azaumoyo a kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Mpoto kapena pakati ndipo akulakalaka kubwerera. Mukapeza wa giredi yofanana ndi yanu, lembani makalata nonse awiri, aliyense atchule mnzake.

Anamwino ndi alangizi a zaumoyo adutsire kwa owayang'anira pachipatala mpaka ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Amene ali ku zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, monga Mulanje Mission kapena Malamulo, adziwe kuti wowalemba ntchito ndi chipatalacho, choncho kupita ku chipatala cha boma si transifa wamba. Afunse kaye ofesi yoona za antchito asanalonjeze kalikonse kunyumba. Chiphaso cha ku Nurses and Midwives Council chimagwira ntchito dziko lonse, musalole kuti chithe mphamvu chifukwa choti muli pakati pa msamuko.

Chenjezo: musanyamuke ndi mawu apakamwa oti "pitani, kalata ikupezani". Mpaka kalata yokusamutsani ili m'manja, malo anu a ntchito ndi akale omwewo, ndipo kusaonekako kumawerengedwa ngati kuthawa ntchito. Kalata iliyonse imene mwapereka, sungani fotokope yodindidwa tsiku limene yalandiridwa.

5. Ngati ndinu a kampani, esiteti, shopu kapena sukulu ya pulayiveti, chokani masana

Wolandira malipiro pamwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi, yolemba. Musanachoke pemphani zinthu zitatu.

Choyamba ndi kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamalopo. Ndime 31 ya lamulo la ntchito la chaka cha 2000 imati wolemba ntchito akuyenera kuipereka mukaipempha, ndipo imanena nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro omaliza. Ngakhale munali wa sizoni, wothyola tiyi nthawi ya dzinja, wosankha makademiya kapena kalaliki wa pasikelo, itengeni. Kwa munthu wa ku Mzuzu amene sanakuoneni, pepala lochokera ku esiteti yodziwika ngati Lujeri, Satemwa kapena Eastern Produce likunena kuti mumadziwa kulawira ndi kumvera kapitawo. Akakukanizani, ofesi ya zantchito ya boma lanu ndi imene imathandiza pa zotere.

Chachiwiri ndi za penshoni. Ngati amakudulani, ndalamayo ndi yanu: olemba ntchito amaika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro anu, inu K5. Funsani dzina la kampani imene ikusunga ndi nambala yanu, mulembe m'kope lija. Mudzaipereka kwa abwana atsopano kuti ndalama zisamwazikane m'maakaunti oiwalika.

Chachitatu ndi chilolezo cha munthu mmodzi woti azikuchitirani umboni. Mutenge nambala yake ya m'manja, osati ya pa ofesi yokha.

KUSAKA MUSANAFIKE

6. Tumizani maso patsogolo

Abambo akangodziwa kumene akupita, apempheni akulumikizeni ndi mayi mmodzi kapena awiri amene akhalako kale. Afunseni zenizeni: sukulu za pulayiveti zilipo zingati, chipatala chili pati, msika umakhala tsiku liti, matelala ndi masaluni alipo angati, chikusowa n'chiyani. Pemphani kalata yosamukira kumpingo ndi ku chigwirizano kapena bungwe la amayi, chifukwa ntchito zing'onozing'ono zambiri zimamveka pakamwa zisanalembedwe paliponse.

Malo aliwonse ali ndi zake. Ku Zomba kuli University of Malawi, MANEB ndi likulu la National Statistical Office, limene pa nthawi ya kalembera ndi kafukufuku limalemba anthu a kontilakiti yaifupi. Ku Lilongwe kuli maofesi a boma, mabungwe, ndi makampani a ku Kanengo amene amawonjezera antchito msika wa fodya ukatsegulidwa. Ku Salima kuli malo ogona alendo a ku Senga Bay. Ku Mzuzu kuli yunivesite ndi chipatala chachikulu. Muziona masamba a ntchito mu The Nation ndi The Daily Times, ndi bolodi ya zidziwitso ku khonsolo.

7. Lembani CV imene ikufotokoza mipata

Masamba awiri ndi okwanira. Pamwamba dzina, foni, imelo, ndi dera limene mukupita, osati limene mukuchoka. Wolemba ntchito ku Mzuzu akaona adiresi ya Luchenza amaganiza za thiransipoti ndi nyumba, n'kudumpha. M'kalata nenani tsiku limene mudzakhale mutafika.

Zaka zimene simunali pantchito yolembedwa musazisiye zoyera. Ngati munali msungichuma wa banki m'khonde, mlembi wa komiti ya sukulu, mlezi pa sukulu ya mmera mpoyamba, kapena munayendetsa okala, lembani chaka, malo ndi chimene mumachita: kusunga mabuku, kuwerengera katundu, kulemba malipoti. Kukhala m'maboma osiyanasiyana kwakupatsaninso zilankhulo. Ngati pamwamba pa Chichewa ndi Chilomwe munatolako Chitumbuka ku Moyale, chilembeni, mabungwe ogwira ntchito m'midzi amachifuna.

Udindo wa amuna anu usalowe mu CV. Sukuwonjezerani malikisi, ndipo ena umawachititsa mantha. Kalata imalembedwa m'Chingerezi, choncho mupatseni mphunzitsi kapena wina wodziwa aiwerenge musanasindikize.

MUKAFIKA

8. Masabata awiri oyamba ndi oyenda

Makatani adikire. M'mawa uliwonse valani bwino, tengani maenvulopu, mukafike nokha ku malo amene munalemba m'kope. Funsani amene amalemba ntchito, osangosiya kalata kwa alonda pageti. Lembani tsiku ndi dzina la amene walandira. Pakatha sabata ziwiri imbani foni kamodzi, mwaulemu.

Ntchito ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi musainyoze. Kulowa m'malo mwa mayi amene ali patchuthi cha uchembere, kulemba mayina pa kafukufuku, kuthandiza pa shopu nyengo ya Khirisimasi: zimenezi zimagwirizana ndi moyo wosamukasamuka, ndipo iliyonse imakusiyirani kalata yatsopano mu fayilo. Kudzipereka mwaulere kuli bwino ngati mwagwirizana malire, monga miyezi iwiri, masiku atatu pasabata, ndi kalata pamapeto. Popanda malire mudzagwira chaka chonse mukulipidwa zikomo.

9. Funso limene lidzabwera pa intavyu

Akadziwa kuti mumakhala ku barracks adzafunsa: "Nanga bambo akasamutsidwa?" Musaname kuti simudzachoka, ndipo musayambe kudandaula. Yankhani ndi zimene mungakwanitse: kuti simudzachoka pakati pa temu kapena pakati pa kontilakiti, kuti mudzapereka notisi yonse, kuti mudzaphunzitsa wolowa m'malo mwanu. Kenako tulutsani kalata ya kumene munachoka, muwapatse nambala ya abwana akale kuti afunse okha mmene munatsanzikira. Sitepe 5 ija phindu lake limaonekera apa.

Za kuntchito kwa amuna anu, kumene gulu lawo lili kapena tsiku lonyamuka, si zokamba pa intavyu, pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp.

NTCHITO YOKWERA NANU GALIMOTO

10. Khalani ndi luso limodzi losadalira malo

Ntchito yolembedwa ikhoza kuchedwa. Luso limayamba kudyetsa sabata yomweyo. Posankha, dzifunseni mafunso atatu: zida zake zikwana m'chikwama kapena m'katoni imodzi? Zipangizo zake zimapezeka dera lililonse? Makasitomala ake alipo paliponse pamene pali mabanja? Kusoka mayunifolomu a sukulu, kumanga tsitsi, kuphika makeke ndi mandasi, kuphunzitsa ana masana, kukonza mafoni, zonsezi zimayankha inde. Khola la nkhumba, chigayo kapena golosale yomanga ndi njerwa zimayankha ayi. Zoterozo ngati mukuzifuna zikhale kumudzi, m'manja mwa m'bale amene mwagwirizana naye polemba.

Geni ya zokolola za kwathu ndi yokoma koma yezani msewu. Nanazi wa ku Mulanje, mapeyala a ku Thyolo kapena masamba a pa Bvumbwe amafika ku Zomba ali bwino. Opita ku Karonga aganize zouma, monga nandolo, tiyi wa m'mapaketi, kapena nsalu zoodedwa pa Limbuli, pobwerera n'kutengako mpunga wa Kilombero. Ulendo woyamba tengani zochepa, muone kaye ngati anthu akumeneko amazidya.

Luso lopanda pepala limathera pa makasitomala a pakhomo. Ngati munaphunzira kusoka kwa telala wa pa Chitakale, funsani ku TEVETA za njira yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito pogwira, kuti mupeze satifiketi. Ndi imene imatsegula chitseko cha maoda a sukulu ndi ntchito zophunzitsa ena.

Chenjezo: kugulitsa m'kati mwa barracks kuli ndi malamulo ake, funsani oyang'anira musanaike benchi. Kunja, layisensi ya khonsolo ya Mulanje sigwira ntchito ku Salima, khonsolo iliyonse imadula yake.

11. Abambo akapita kunja, inu pitani kusukulu

Asilikali athu akhala akupita kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, ndipo ena amakhala miyezi yambiri ku maphunziro. Amayi ambiri nthawi imeneyi amabwerera kumudzi. Ndi nyengo yokhayo imene mukudziwa kuti simusamuka mawa. Amene MSCE sinayende bwino alowe sukulu ya open n'kulembanso, makamaka Chingerezi ndi Masamu. Ofuna ntchito zamanja afunse ku Milonga Community Technical College ku Thyolo. Amene ali ndi MSCE yabwino aone maphunziro a patali a Mzuzu University, omwe ali ndi senta kuno ku Mulanje, ina ku Balaka, Lilongwe ndi Karonga, kutanthauza kuti transifa ikabwera sukulu siima. Za fizi mugwirizane abambo asananyamuke, ndalama zikabwera zimapeza zochita zambiri.

Polembetsa mayeso a MANEB kumbukirani kuti mudzalembera pa senta imene mwalembetsa. Sankhani malo amene mukutsimikiza kuti mudzakhalapo nyengo ya mayeso.

ZOLAKWIKA ZIMENE ZIMABWEREZEDWA

Kusintha nambala pa msamuko uliwonse. Ntchito ina imaitana patapita miyezi isanu ndi umodzi chiperekereni kalata. Foni ikabedwa, pitani ndi chiphaso chanu ku shopu ya Airtel kapena TNM mukabwezeretse nambala yomweyo. N'chifukwa chake iyenera kulembetsedwa m'dzina lanu, osati la abambo amene mwina ali ku Congo.

Kulipira kuti mulembedwe ntchito. Uthenga woti "mwasankhidwa, tumizani ndalama ya fomu kapena yunifolomu pa nambala iyi" ndi wa akuba. Amakonda kugwiritsa ntchito mayina a mabungwe odziwika, ndipo amakufulumizitsani kuti musafunse munthu. Pitani ku ofesi yeniyeniyo mukafunse.

Kukongoza katundu kumalaini mopanda malire. "Ndikupatsani akalandira" ndi mawu a tsiku ndi tsiku, koma amene muli naye ngongole nayenso amasamutsidwa, ndipo kulondola ngongole kwa mkazi wa abwana a amuna anu n'kovuta kuposa mmene mukuganizira. Lembani ngongole iliyonse m'buku, ikani malire, ndipo mphekesera ya transifa ikangomveka siyani kukongoza muyambe kutolera.

Kuchoka mu banki m'khonde pakati pa chaka osakambirana. Magulu ambiri amagawana kumapeto kwa chaka. Musanalowe funsani kuti wosamuka amatani: amapitiriza kuponya masheya kudzera pa foni, kapena amabwezeredwa zake popanda phindu? Yankho lilembedwe m'buku la gulu. Ngongole ya gulu ibwezeni musanakwere galimoto, chifukwa mbiri imeneyo imakutsatani mpaka kumudzi.

Kulola malipiro anu kulowa mu akaunti ya abambo. Si nkhani ya kusakhulupirirana. Akapita kumene kulibe netiweki, inu mutenga bwanji? Komanso tsiku lofuna ngongole ku banki kapena ku SACCO adzafuna sitetimenti yosonyeza kuti inuyo mumalandira ndalama.

Kudalira dzina la amuna anu kuti likutsegulireni chitseko. Mwina litsegula kamodzi. Iwo akachoka pamalopo, amene anakulandirani mokakamizika sadzakulemberani kalata yabwino.

Kuika fayilo ya mapepala m'katoni ya ziwiya pamwamba pa lole. Mvula ikagwa pa Zalewa, lona silitchinga zonse, ndipo makatoni ena amatsitsidwa pa nyumba yolakwika. Fayilo, foni ndi kope zikhale m'chikwama cha m'manja, pamiyendo panu, mpaka mutalowa m'nyumba yatsopano.